Breadboard yanga yasungunuka ndipo inkyubeta ikungozima yokha, ndithandizeni abale

Tiyamike:
Moni nonse pagulu pano. Ndine watsopano, anandilowetsa ndi achimwene anga sabata yatha. Ndimakhala ku Dedza kumudzi, kuno mapolo a magetsi sanafike ndiye timadalira sola, panelo imodzi ndi batire la 12V. Ndikupanga inkyubeta yoti ndizifungatiriramo mazira a nkhuku za Mikolongwe, ndatenga cooler box yakale, mkati ndaikamo mababu awiri a galimoto a 21W oti azitenthetsa, kafani kochotsa mu kompyuta yakufa, sensor ya DHT22 yoyezera kutentha ndi chinyezi, relay yoyatsira ndi kuzimitsira mababu, ndi Arduino Nano, kakompyuta kakang'ono kolamulira zonsezi. Soldering iron ndilibe ndiye zonse ndangolumikiza pa breadboard, kabolodi kapulasitiki ka mabowo obayamo mawaya, ndi timawaya tija tamitundumitundu. Tsiku loyamba zimayenda bwinobwino mpaka ndinasangalala, koma dzulo madzulo ndinayamba kumva fungo la pulasitiki wopserera, kuyang'ana ndapeza pakona pa breadboard pachita bulauni komanso pafufuma, ndipo Arduino ikumayambiranso yokha relay ikangoti tcha. Mazira 24 ndasonkhanitsa kale ali mu thireyi akungodikira. Ndichite bwanji?

Mphatso:
Takulandirani achemwali. Choyamba chotsani kaye waya ku batire musanapange china chilichonse. Chachiwiri tijambulireni chithunzi tione mawaya akudutsa pati.

Tiyamike:
Ndachotsa kale usiku womwewo, ndinachita mantha. Chithunzi ndi icho, pepani kamera ya foni yanga ndi yofooka. Wofiira ukuchokera ku batire ukulowa pa mzere wa + wa m'mbalimo, kenako pamzere womwewo ndatengapo wopita ku VIN ya Nano, mwendo wake wolandirira moto, ndi wina wopita ku relay kukayatsa mababu. Wakuda naye chimodzimodzi, onse akukumana pa mzere wa buluu.

Ankolo Wamawailesi:
Mwana wanga vuto lako ndaliona ndisanakuze n'komwe chithunzicho. Mababu ako akudya kudzera pa breadboard. Tawerengera wekha, awiri a 21W ndi 42W, ugawe ndi 12, ukupeza 3.5A. Breadboard mkati mwake muli timalata topyapyala tongopana mwendo wa chipangizo, tinapangidwira moto wochepa, 1A ndiye kumapeto kwake ndipo ine sindifikako n'komwe. Ndiye palinso ichi chomwe ambiri sachidziwa, babu likakhala lozizira kawaya kake ka mkati kamalola moto wambiri, pamene likungoyaka kumene limakoka mwina kakhumi kuposa mmene limakokera likatentha, kwa kanthawi kochepa zedi. Inkyubeta imayatsa n'kuzimitsa tsiku lonse ndi usiku womwe, ndiye timalata timeneto takhala tikumenyedwa maulendo osawerengeka. Wachita mwayi kuti unali pafupi n'kumva fungolo, cooler box ija mkati mwake ndi thovu lomwe silichedwa kugwira moto.

Tiyamike:
Eee ankolo zikomo, ine ndimaganiza kuti popeza ndi 12V basi palibe choopsa.

Ankolo Wamawailesi:
12V sikugwira munthu inde, koma imawotcha nyumba. Batire lako likachita shoti limatha kutulutsa ma amp mahandiredi, sipanala ikagwera pa mitu yake iwiri imafiira. Fyuzi ilipo pa waya wochokera ku batire?

Tiyamike:
Ayi ilibe.

Ankolo Wamawailesi:
Ndiye chimenecho chikhale choyamba kugula usanagule china. Pita kwa amakanika kapena mu shopu ya masipeya a galimoto, upemphe fyuzi ija yapulasitiki yamiyendo iwiri ya 5A kapena 7.5A ndi chosungira chake chokhala ndi mawaya kale. Uyiike pa waya wofiira pafupi penipeni ndi batire, osati kumapeto kuli inkyubeta, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza waya yenseyo.

Mphatso:
Za kuyambiranso kwa Arduino nazo chifukwa chake ndi chomwecho achemwali. Mababu akangoyaka, voltage pa mzere umenewo imagwa chifukwa njira yake ndi yopapatiza, Nano imaona ngati mwaizimitsa n'kuyatsanso. Komanso ground, waya wakuda uja, mwagawana ndi mababu pa kamzere kamodzi ndiye DHT22 izikupatsani manambala osokonekera. Chofunika ndi kupatula njira ziwiri, njira ya moto waukulu (batire, fyuzi, relay, mababu) idutse pa waya wokhuthala osakhudza breadboard olo pang'ono, pa breadboard patsale za 5V zokhazokha. Relay module yanu ili kale ndi timasikuluu titatu kutsogolo, COM, NO ndi NC, wofiira wochokera ku fyuzi alowe pa COM, wopita ku mababu atuluke pa NO, wakuda wa mababu abwerere yekha ku batire. Ka relay kabuluu kaja pamwamba pake palembedwa 10A 30VDC ndiye 3.5A kakwanitsa.

Tiyamike:
Ndamva. Koma pali chinanso chomwe chinandizunguza mutu tsiku loyamba, nditaika sensor kumapeto kwa breadboard siimayaka, nditaisunthira pafupi ndi Nano inayamba kugwira. Ndimayesa kuti sensor ndi yakufa.

Mphatso:
Imeneyo si sensor, ndi breadboard yaikulu ija ya mabowo 830. Zina mwa izo mizere ya m'mbali inadulidwa pakati, mukayang'anitsitsa mzere wofiira ndi wabuluu wojambulidwawo muona pakati padukiza pang'ono. Theka lina limakhala lopanda moto mpaka mutalumphitsa ndi kawaya kakafupi. Ngati muli ndi multimeter ikani pa kamene kamalira kaja, mugwire kumapeto uku ndi uko, ikapanda kulira ndiye kuti mzerewo ndi wodulidwa. Ya 400 yaing'ono ija nthawi zambiri ilibe zimenezi.

Yamikani:
Abale inu mukumuchulukitsira zinthu mtsikanayu. Ife kuyambira tili ana timangosenda waya ndi mano, kupota awiriwo, kukulunga tepi yakuda basi. Sola ya kwathu ku Mchinji ndinalumikiza choncho ndipo mababu akuyakabe mpaka lero. Achemwali poterani mawayawo muike tepi, mazira asakuwonongekereni mukudikira zinthu zoitanitsa kunja.

Chifundo ku Joni:
Aise Yami mababu akwanuwo ndi a LED eti? Amenewo amadya mwina theka la amp kapena osafika n'komwe, ndiye mfundo yopota imapirira. Apa tikunena 3.5A usana ndi usiku masiku 21, mkati mwa bokosi lotentha 37.5 komanso lachinyezi chifukwa mumakhala mbale ya madzi, ndipo masiku atatu omaliza chinyezicho amachita kuchiwonjezera dala. Tepi yakuda ikamva kutentha ulimbo wake umasungunuka imayamba kumasuka yokha, kopa naye amada n'kuyamba kubiriwira, mfundo ija imayamba kukana moto pang'onopang'ono. Ndipo sipafunika kukana kwambiri, mfundo ikangokhala ndi theka la ohm pa 3.5A ikutulutsa ma watt 6 pa kamalo kochepa ngati njere ya chimanga. Kagwireni babu la 5W la galimoto likuyaka mumve mmene limawotchera.

Yamikani:
Chabwino za kutenthazo ndamva, koma si aliyense ali ndi ndalama zogulira ma connector. Kumudzi munthu amagwiritsa ntchito zomwe zilipo.

Ankolo Wamawailesi:
Yamikani sukunama, kupota waya sikuti n'kulakwa, kulakwa ndi mapotedwe ake. Ambiri amangogwira mitu iwiri n'kuipiringiza ngati akuluka chingwe cha mbuzi, ukakoka pang'ono yasololoka. Ife tinaphunzitsidwa mfundo ya anthu a matelefoni, ena amaitcha Western Union. Umasenda waya aliyense kutalika ngati chala chako chapakati, uwapingasitse ngati mtanda, uwapote pamodzi kawiri kapena katatu pakatipo, kenako mchira wa uyu uukulunge mothinana kuzungulira mnzakeyo kasanu kapena kasanu n'kamodzi, mchira winawo chimodzimodzi mbali inayo. Ukamakoka ndi pomwe imamangika kwambiri. Imagwira bwino pa waya wa mtima umodzi, pa wa tiulusi tambiri imafuna solder pamwamba. Ndipo musamasende ndi mano ana inu, ine dzino langa lakutsogolo linabenthuka chifukwa cha khalidwe limeneli ndili mnyamata ndipo mpaka lero limandivuta ndikamwa madzi ozizira. Lezala kapena kampeni, uzungulize mopepuka osacheka kopa, chifukwa waya wochekeka amadzathyokera pomwepo.

Koma kwa Tiyamike ine sindimuuza zopota. Strip connector ija yoyera ya masikuluu, imene amagulitsa mu hardware iliyonse ngakhale pa boma pa Dedza, mpukutu umodzi umakhala ndi zipinda 12 ndipo umadula ndi mpeni mmene ukufunira. Si yodula, ndipo umamasula n'kumanganso tsiku lililonse ukafuna kusintha china.

Tiyamike:
Imeneyo ndimaidziwa, amalume anagwiritsa ntchito poika sola. Waya wake nditenge wanji? Ndili ndi chingwe cha ayironi yamagetsi yakufa yomwe tinachokera nayo ku tauni.

Chifundo ku Joni:
Chingwe cha ayironi kapena cha ketulo ndi chabwino kwambiri, chinapangidwira moto woposa umenewo. Ng'ambani chikopa chakunja mupeza atatu, bulauni, buluu ndi wa gilini ndi yelo, bulauni akhale + buluu akhale -, ndipo mukhale ndi chizolowezi chimenecho osasinthasintha. Pomanga mu strip connector pali tinthu tingapo. Sendani motalikirapo, potani tiulusi tonse tikhale pamodzi kenako pindani pawiri kuti sikuluu ipeze chogwira, pasatsale kaulusi kotulukira panja chifukwa kamodzi kokhako kakakhudza chipinda chinacho ndi shoti. Sikuluu ilume kopa osati pulasitiki. Mukamanga kokani waya ndi mphamvu ndithu, akasuntha yambiraninso. Pakatha tsiku limodzi bwererani mukamangitsenso chifukwa tiulusi timakhazikika n'kusiya mpata.

Ndipo kwa nonse amene muli ndi soldering iron, osapaka solder kumutu kwa waya woti mukamanga ndi sikuluu. Zimaoneka zaukhondo koma solder ndi yofewa, ikapanikizidwa imanka ithawa pang'onopang'ono, pakapita miyezi sikuluu ija yatsala ikungogwira mphepo, pamayamba kutentha. Kuntchito kuno tinatsegulapo bokosi la pampu ya madzi titapeza terminal yonse yasanduka makala chifukwa cha zimenezi. Choyenera ndi ferrule, kachubu kachitsulo komwe umalowetsamo waya n'kukafinya ndi pulayala yake.

Yamikani:
Apa ndiye mwandiphunzitsa, ine ndimapakadi solder nthawi zonse ndimvekere ndikulimbitsa.

Chifundo ku Joni:
Ambiri timayambira pomwepo aise. Ine chomwe ndimakonda kuposa zonse ndi Wago 221, timabokosi toonekera mkati tokhala ndi timikono ta olenji. Umasenda waya 11mm, muyezo wake unajambulidwa pambali pa kabokosi komweko, ukweze kamkono, ulowetse, utsitse, zatha. Mkati muli sipuling'i yomwe imapanabe waya nthawi zonse ndiye zomangitsanso zija palibe. Ilipo ya mabowo awiri, atatu ndi asanu, imalandira waya mpaka 4mm² ndipo inalembedwa 32A. Wa mtima umodzi ndi wa tiulusi onse amalowa, ungathe kuphatikiza wonenepa ndi woonda pa kabokosi kamodzi, zomwe pa strip connector zimavuta chifukwa sikuluu imaluma wamkulu wamng'ono n'kusololoka. Koma chenjerani, pa intaneti padzaza zongofanizira zopanda dzina, kunja n'zofanana koma sipuling'i yake ndi yofooka. Ndikubwera kumudzi mu December, ndidzatenga paketi tidzagawane pagulu pano.

Mayi a Dalitso:
Achimwene a ku Joni mundisungireko khumi chonde, ndi za ana anga a kalabu ya sayansi. Ine ndimaphunzitsa pa CDSS ina kuno ku Ntcheu, labu tilibe, breadboard tinali nayo imodzi yokha ndiye ana 30 sangaphunzirepo kanthu, komanso ndinaona kuti breadboard imawasokoneza a Form 1 chifukwa njira za moto zinabisika pansi pa pulasitiki, mwana amangobaya mabowo osadziwa kuti asanu oyandikana aja ndi amodzi. Ndiye chomwe timachita timatenga kathabwa kofewa ka paini, tijambulepo dera lonse ndi pensulo, pamalo pokumana mawaya tikhomepo drawing pin yachikasu ija, miyendo ya resistor ndi LED timaipanitsa pansi pa mutu wa pin. Ena amagwiritsa ntchito timasikuluu ndi washa, ameneyu ndiye amagwira bwino koposa. Mwana amalondola ndi chala kuchokera ku batire mpaka kubwereranso, akalakwitsa amaona yekha. Switchi timapanga ndi paper clip yozungulira pa pin imodzi kukakhudza inzake. Mtsikana wina wa Form 2 anapanga alamu ya pakhomo la khola la mbuzi ndi njira yomweyi, chopanira zovala chokulungidwa ndi kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya mbali zonse ziwiri, pakati kakatoni komangidwa ulusi, chitseko chikatseguka kakatoni kasololoka buzzer n'kulira. Bambo ake anachita kubwera kusukulu kudzathokoza.

Mphatso:
Mayi, zomwe mukuchitazo ndiye breadboard yeniyeni. Dzinali linachokera kumeneko, anthu okonda mawailesi m'zaka za m'ma 1920 ankatenga thabwa lodulirapo buledi kukhitchini n'kukhomapo misomali ndi masikuluu, n'kumangirirapo mawaya. Yapulasitiki yamabowoyi inabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mabowo ake anatalikirana 2.54mm chifukwa ndi mmene miyendo ya ma IC, timachipu takuda ta miyendo yambiri tija, inatalikirana, ndipo kangalande kapakati kaja n'koti IC ikhale chotang'adza, miyendo ya uku isakhudzane ndi ya uko.

Ankolo Wamawailesi:
Mayi a Dalitso Mulungu akudalitseni pa ntchito imeneyo. Langizo limodzi, mukapana waya pansi pa mutu wa sikuluu, kangowe kake kazizungulira mbali yomwe sikuluu imamangikira, ngati mmene muvi wa wotchi umayendera. Mukakapinda mobwerera sikuluu imakalavula pomanga. Ndipo drawing pin zina zimakhala zopakidwa vanishi, muzizikwecha kaye ndi sandpaper. Mnyamata uja wa ku Wimbe ku Kasungu, William Kamkwamba, makina ake amphepo anayambira pa zotolatola zomwezi, dayinamo ya njinga ndi fani ya thirakitala, ndiye anawo asamadzione ochepa chifukwa cha thabwa ndi ma pin.

Tiyamike:
Pepani ndinasowa, ndinapita kukatchaja foni. Ndawerenga zonse. Funso lina, nditachotsa mawaya ndapeza timawaya tiwiri ta jumper tatentha mpaka chikopa chakwinyika ngakhale tomwe sitimapita ku mababu, ndipo tina tikumagwira tikafuna, ukagwedeza pang'ono LED ya pa relay ikuphethira.

Mphatso:
Tengani maginito, olo ya mu sipika yakale, muyandikize pakati pa kawayako osati kumutu. Kakamamatira ndiye kuti mkatimo ndi chitsulo chongopakidwa kopa. Ine ndinagulapo mpukutu wa 40 wotchipa pa intaneti, nditang'amba kamodzi ndinapeza tiulusi towerengeka toonda ngati tsitsi, ndipo tonse timakakamira ku maginito. Ndinataya sabata yathunthu ndikusintha code ya ESP32, kabolodi konga Nano koma kokhala ndi WiFi, yomwe imangolemba kuti brownout, kutanthauza kuti voltage yagwa, WiFi ikangoyamba, pamene vuto linali kawaya ka 5V. Kuyambira pamenepo ma jumper ndimapanga ndekha ndi waya wa netiweki, uja amayala m'makoma m'maofesi. Mkati mumakhala mawaya 8 a mtima umodzi amitundu yosiyana, mita imodzi yokha imakupatsa ma jumper osatha. Pa muyezo wa kunenepa kwa waya ndi 24 AWG, woonda pang'ono kuyerekeza ndi 22 AWG amene breadboard imafuna, koma amagwira. Mudule mwa muyezo, musende pafupifupi 7mm mbali zonse, mupinde ngati stepulo agone pansi pa breadboard osati kuima m'mwamba ngati udzu, akagona sakoledwa ndi dzanja. Koma tengani wa m'khoma, kachingwe kakafupi kolumikizira laputopu kaja mkati mwake ndi tiulusi, sikalowa m'bowo.

Chifundo ku Joni:
Waya wa netiweki nayenso alipo wachinyengo, aluminiyamu wopakidwa kopa, pa katoni amalemba CCA. Ameneyu maginito samugwira ndiye mayeso ake ndi ena, palani ndi mpeni, mkati mukaoneka moyera ndi yemweyo. Amathyoka ukangomupinda kangapo ndipo kachidutswa kakathyokera m'bowo la breadboard kuchotsa kwake ndi ntchito.

Kondwani:
Pepani ndilowererepo, ine ndili ku Ndirande magetsi alipo, ndikufuna kupanga yonga yomweyi koma ndi babu la m'nyumba la 60W. Popeza 60W pa 230V ndi kotala chabe ya amp, ndiye kuti ineyo ndikhoza kudutsitsa pa breadboard eti?

Ankolo Wamawailesi:
Ayi Kondwani, ayi ndithu. Masamu ako ali bwino koma 230V siyandikira breadboard, siyandikira ma jumper, siyandikira ma crocodile clip, timapani tamano tija. Timalata tija tatalikirana 2.54mm yokha, pansi pake pangomatidwa kapepala, mitu ya mawaya ili pamtunda pomwe dzanja lako limagwira, ndiye uwonjezepo mbale ya madzi ili pambali. Uku sikupsa kwa pulasitiki, ndi maliro. Ngati ukufuna babu la m'nyumba, mbali yonse ya 230V ikhale m'bokosi lotsekedwa, yomangidwa ndi masikuluu kapena Wago, pulagi yake ya miyendo itatu yokhala ndi fyuzi ya 3A, ndipo munthu wodziwa zamagetsi aione usanayatse. Koma kwa woyamba kumene ine ndikuti tenga adaputala ya 12V uchite monga akuchitira Tiyamike, zimakuthandizanso magetsi akathima umangosamutsira ku batire mazira osazizira.

Kondwani:
Ndamva ankolo, zikomo, bola ndafunsa.

Mayi a Dalitso:
Safunsa anadya phula achimwene, mwachita bwino. Za ma crocodile clip nane ndionjezereko, ndi abwino poyesera chinthu kwa mphindi zingapo uli pomwepo, koma osawasiya usiku. Mano ake amagwira pa kansonga chabe, akangogwedezeka amasuntha n'kukakhudza mnzake. Ndipo otchipa aja kokani kachikopa kake muone, ambiri waya anangomupinda pansi pa kalata osamufinya bwino, ana anga akadandaula kuti babu silikuyaka theka la nthawi vuto limakhala pamenepo.

Yamikani:
Koma achemwali bwanji osangogula W1209? Ka thermostat ka 12V kokhala ndi manambala ofiira, kali ndi sensor yake, relay yake ndi masikuluu anayi, palibe code palibe breadboard, anthu ambiri opanga ma inkyubeta akugwiritsa ntchito komweko.

Tiyamike:
Ndimakadziwa achimwene, koma Nano ndili nayo kale ndipo cholinga changa ndikufuna ndiphunzire, mtsogolo ndidzaikemo mota yotembenuza mazira ndi kuwerenga chinyezi zomwe W1209 sichita. Kungoti sindikufuna kuti kuphunzira kwangako kuphe anapiye.

Mphatso:
Ndiye chitani chonchi. Mbali ya 5V isachokere ku VIN, chifukwa batire la sola likamatchajidwa masana limakwera mpaka 14V n'kupitirira, ka regulator ka pa Nano kamatentha kwambiri makamaka kakamadyetsanso koilo ya relay. Gulani chaja ya foni ya m'galimoto ndi soketi yake yokhala ndi mawaya awiri, mawayawo mumange mu strip connector pambuyo pa fyuzi, Nano muipatse moto kudzera pa USB. Palibe chowotcherera olo chimodzi. Pa breadboard patsala mawaya ochepa kwambiri, atatu a DHT22 ndi atatu a relay. Breadboard ndi relay zikhale kunja kwa cooler box, mkati mulowe sensor, fani ndi mababu basi. Ndipo mukapeza mwayi pali kabolodi kotchedwa Nano terminal adapter, Nano imangokhala pamwamba ndipo mwendo uliwonse uli ndi sikuluu yake, mukakapeza breadboard mwatsanzikana nayo.

Ankolo Wamawailesi:
Ndipo mwana wanga usaope solder ngati ndi chinthu cha anthu a m'tauni okha. Ine ndinayamba kukonza mawailesi kulibe magetsi, tinali ndi kachitsulo ka mutu wa kopa komangidwa pa mtengo, timakaika pa mbaula, kakatentha upukute pa kansalu konyowa ulumikize mfundo ziwiri zitatu ubwezerenso pamoto. Pa Nano usayese, miyendo yake inathinana, koma pa mawaya a mababu zimatheka. Masiku ano kulinso soldering iron za 12V zogwirira pa batire lomwelo. Breadboard ndi yofunsira funso, ukapeza yankho umasamuka. Ndinaiwala kufunsa, mababuwo wawalumikiza bwanji kumatako kwake?

Tiyamike:
Ndinangokulunga waya kuzungulira chitsulo chake, winayo ndinamugwiritsa ndi tepi pa kadontho kapansi paja.

Ankolo Wamawailesi:
Pamenepo ndi pomwe pakanadzakugwetsa tsiku la 10 usiku uli mtulo. Tako la babu limatentha zedi, tepi singakhalepo. Kwa amakanika komweko funsa ma holder a mababu a indiketa ochotsa ku galimoto zakufa, amabwera ndi michira ya mawaya, babu umangolikankha n'kupotoza. Michirayo ndiyo ulowetse mu strip connector. Ma holder uwamangirire pa kalata kuti galasi lisayandikire khoma la cooler box.

Mayi a Dalitso:
Za mazirazo mwanawe, amene wasonkhanitsawo atha masiku angati? Akapitirira sabata imodzi kuswa kwake kumayamba kutsika. Uziwasunga pozizira, kosongoka kuloze pansi. Koma kusiyana n'kuti uthamange n'kuwaika mu chinthu chosayesedwa, bola amenewo mudye kapena ugulitse, nkhuku zikuikirabe.

Tiyamike:
Oyambirira atha masiku 6. Ndikambirana ndi amayi, mwina tiwapatse thadzi lina lomwe layamba kukhalira.

Tiyamike:
Abale ndabweranso, papita masiku anayi. Lachiwiri ndinapita pa boma ndinapeza fyuzi ya 5A ndi chosungira chake, strip connector, ma holder awiri ndi chaja ya m'galimoto, soketi yake ndinachita kuchotsetsa ku minibasi yakufa pa garaja ina. Waya wa netiweki anandipatsa ulere mnyamata wina wokonza makompyuta, nditapala mkati ndi kopa yekhayekha. Timawaya tanga takale ndinatiyesa ndi maginito ya mu sipika, mwa 20 tomwe ndinali nato 13 tinamamatira. Ndamanga zonse pa kathabwa kunja kwa bokosi, mbali yopsa ya breadboard sindikuigwiritsanso ntchito. Yakhala ikuyaka yopanda mazira kuyambira Lachitatu m'mawa, Nano sinayambirenso olo kamodzi, ndikagwira strip connector ndi yozizira, dzulo ndinamangitsanso masikuluu monga ananenera achimwene a ku Joni ndipo awiri anapotokadi pang'ono. Mazira akale 12 tapatsa thadzi, enawo tadya, ndayamba kusonkhanitsa atsopano.

Chatsala chimodzi, DHT22 ikunena 37.6 koma thermometer ya kuchipatala yomwe ndaika pa thireyi ikunena 36.8. Ndikhulupirire iti?

Ankolo Wamawailesi:
Wagwira ntchito mwana wanga. Khulupirira ya kuchipatala, inapangidwira manambala omwewo. Koma uyambe waona kuti sensor ili pati, ngati yapachikika m'mwamba kufupi ndi mababu itsitse ifike msinkhu wa pamwamba pa dzira, ziwirizo zigundane, utseke bokosi ola lathunthu osatsegula kenako uwerengenso. Zikasiyanabe kusiyanako ukakonze mu code.

Chifundo ku Joni:
Ndipo batire lanu ndi la ma Ah angati achemwali? Usiku wa ku Dedza ndi wozizira, mababu aziyaka nthawi yaitali, tiwerengere limodzi ngati lifike m'mawa musanaikemo mazira.

Tiyamike:
Lalembedwa 100Ah koma ndi lakale, tinagula zaka zitatu zapitazo. Usiku wa lero ndiyeza voltage 6 koloko madzulo ndi 5 koloko m'mawa, ndidzalemba pano manambala ake.